Nkhondo ya Mpeni wa Kirimu

Tcherani khutu, inu nonse amene munagwirapo sipanala, ndi inu nonse amene munaswapo dzira pamkombero wa mbale, pakuti ndikufuna kusimba za masiku aakulu, masiku amene zidzukulu zathu zidzawatchula chapansipansi. Inali nyengo imene sipanala namba teni inkasowa m'galaja iliyonse pansi pa thambo popanda woiba, nyengo imene magetsi ankabwera ndi kupita ngati mlendo wosadziwa kutsanzika, nyengo imene galimoto zinkakalamba msanga koma osafa. M'nyengo imeneyo, m'nyumba ina ya kumapeto kwa msewu, pamene phula limathera fumbi n'kuyambira, munali maufumu awiri olekanitsidwa ndi chitseko chimodzi chopanda loko.

Kum'mawa kwa chitsekocho kunali galaja, ndipo amene ankalamulira kumeneko anali makaniko wotchuka, Chikhathochakuda, Mgwetsainjini, iye amene mabawuti adzimbiri ankamasuka okha akangomva kutsokomola kwake, mwamuna amene anakhala zaka zambiri chagada pansi pa galimoto moti anthu a mumsewuwo ankawadziwa bwino mapazi ake kuposa nkhope. Kumadzulo kunali khitchini, ndipo mwini dziko anali mkazi wake, Namondwe wa Ufa, Mswamazira, iye amene keke yake sinagwepo pakati, mayi wodziwa kutentha kwa uvuni pongoyandikiza tsaya. Awiriwa analera ana mpaka onse kuuluka pakhomo, ndipo zaka zonsezo chitseko chapakati chinkakhala chotsegula, kuti fungo la vanila ndi la gilizi zizichezerana.

Banjali linali ndi galimoto imodzi yotseka kumbuyo, imene kale inali yoyera, ndipo ankaitcha Nkhalamba. Ntchito yake inali kunyamula makeke. M'kati mwake Chikhathochakuda anaikamo thabwa lokhala pa masipuling'i, kuti keke izidutsa m'maenje a mumsewu osadziwa kuti kunja kuli maenje. Tsono m'sabata yoopsayo, mkulu wake wa Namondwe, telala wa lilime lakuthwa amene onse ankamutcha Singano, anali kukwatitsa mwana wake wotsiriza Loweruka, ndipo Namondwe anali atalonjeza keke yansanjika yofika m'chifuwa mwa mkwati. Keke yotere sikwera njinga, sikwera minibasi. Inkafuna Nkhalamba.

Koma tsoka silinunkha. Lolemba, pokwera chitunda cha kumsika, Nkhalamba inatsokomola, inatulutsa utsi woyera ngati mtambo, n'kuima. Chikhathochakuda atasolola waya woyezera oyilo anapeza oyiloyo atasanduka tiyi wamkaka, ndipo anavula chipewa, pakuti anadziwa kuti gasiketi yapsa. Kwa inu amene simunatsegulepo injini: gasiketi ndi kachigamba kopyapyala kogona pakati pa hedi, chomwe ndi chivundikiro cha injini, ndi buloko, lomwe ndi thunthu lake, ndipo ntchito yake ndi kuletsa madzi, oyilo ndi moto kuti zisapatsane moni. Ikapsa, zitatuzi zimakumana, ndipo msonkhano wake sutha bwino.

Anaikokera kunyumba Nkhalambayo, namasula hedi mothandizidwa ndi mng'ono wake, wowotcherera zitsulo, Mbaliwali, Mdyazonse, amene anali ndi kangodya kake m'galajamo ndiponso mpando wake patebulo la alamu ake. Gasiketi yatsopano inalipo. Vuto linali yakale, imene inakakamira pachitsulo ngati nkhupakupa pakhutu la galu. Yatsopano sigona pamanda a inzake. Pamafunika papalidwe mpaka pawale ngati galasi, popanda kachidutswa, popanda kabala.

"Tengani tchizulo, achimwene," anatero Mbaliwali. "Kawiri katatu mwamaliza."

Chikhathochakuda anamuyang'ana monga mmene dokotala angayang'anire munthu wofuna kuchotsa chitsotso m'diso ndi khasu.

"Mng'ono wanga," anatero atakweza chala chakuda, "hedi iyi ndi ya aluminiyamu, chitsulo chofewa koma chosunga mangawa. Ukachilasa ndi tchizulo chimasunga chipseracho, ndipo pachipserapo ndi pamene moto udzadzere. Lezala amaluma. Sandipepa amasiya mchenga, mchenga umatsikira mu oyilo, oyilo amakaupereka kwa mabering'i, ndipo mabering'i amafa imfa yopanda maliro. Pano pafunika chopalira chaulemu."

Chopalira chaulemu anali nacho kale, cha mkuwa, koma chinabwerekedwa ndi munthu amene pambuyo pake anasamuka. Anayesa kapulasitiki, kanathyoka. Anayesa chikhadabo, chinatsala pomwepo. Ludzu litamugwira anawoloka malire kukamwa madzi, ndipo apa ndi pamene mbiri ya dziko inakhota.

Namondwe anali atapita kukagula mazira, ndipo patebulo, pa kansalu koyera, panagona mpeni wake wopakira kirimu. Sunali mpeni wodulira. Unalibe mano ngakhale ukali. Unali wautali, wopyapyala, wobulungira kunsonga, ndipo zaka za kusalaza makeke zinaudya mpaka unkapindika ngati tsamba la udzu n'kubwerera wokha. Chikhathochakuda anaugwira, naupinda pang'ono ndi chala, ndipo mtima wake unagunda monga unagundira tsiku limene anaona mwini mpeniwo koyamba. Madzi aja sanamwe. Anthu a mumsewuwo amanenabe mpaka lero kuti wopala anapalamula.

Ataugoneka pahedi n'kuukankha, gasiketi yakale inanyamuka yokha, yopiringizika ngati khoko la nthochi, ndipo pansi pake chitsulo chinawala chopanda bala. Mbaliwali anakhala pansi pa tayala chifukwa cha kudabwa. Chikhathochakuda anayamba kuimba mluzu. Anali atafika pakati pa hedi pamene kuwala kwa pakhomo kunazima, pakuti panaima munthu.

Namondwe wa Ufa anayamba waika thileyi ya mazira pansi mwaulemu, chifukwa ngakhale pankhondo dzira ndi dzira. Kenako analankhula, ndipo mawu ake anali otsika, zimene zinaopsa koposa.

"Bambo a m'nyumba muno. Ine ndachapa maovolosi anu mpaka mabeseni kubooka. Ndinapeza mabawuti m'chitini cha shuga, ndinakhala chete. Ndinapeza kabuleta m'bafa, ndinasamba chopendekera. Mswachi wanga munatsukira mapulagi n'kuubwezera pamalo pake, ndinazindikira ndi lilime, ndinakukhululukirani. Koma mpeni umenewo ndinaugula ndisanakudziweni, unandiona ndili ndi chiuno, ndipo sunalawepo china koma shuga ndi batala. Lero mwaudyetsa mwaye. Ndipatseni."

Chikhathochakuda anaimirira natalika mpaka mutu kugunda boneti, koma sanasisite pamene panapweteka, pakuti ngwazi sisisita adani akuona.

"Mayi a ana anga," anatero, "mpeni uwu wakhala zaka zonsezi osadziwa chimene unabadwira. Kirimu angapakidwe ndi supuni, ndi chivundikiro cha poto, ngakhale ndi chikhatho. Koma hedi ya aluminiyamu ilibe bwenzi lina pansi pano. Komanso taganizani bwino. Popanda mpeni uwu palibe Nkhalamba, ndipo popanda Nkhalamba keke yanuyo ipita ku ukwati wapansi?"

"Popanda mpeni umenewo," anayankha Namondwe, "Nkhalamba yanuyo inyamula chiyani? Mpweya?"

Mbaliwali anaona kuti onse akunena zoona, ndipo anachita mantha, pakuti palibe nkhondo yoipa ngati ya anthu awiri olondola.

"Ndi chikhatho," anabwereza Namondwe pang'onopang'ono, ngati akulawa mawuwo. "Mwati kirimu wanga angapakidwe ndi chikhatho." Ndipo mwamuna wake akutambasula dzanja kuti afotokoze bwino, iye anatsomphola mpeniwo, natola mazira ake, natseka chitseko chapakati. Mahinjesi analira ngati mbuzi, chifukwa anali ataiwala ntchito yawo.

Madzulo a tsiku lomwelo Chikhathochakuda anabisalira kuseri kwa nyumba, ndipo Namondwe atawerama kuti aone mu uvuni, dzanja lakuda linalowa pawindo n'kutuluka ndi mpeni, kusiya zidindo za zala pa katani. M'mawa mwake, ngwaziyo ikusamba, Namondwe analowa m'dziko la adani. Mpeni anaupeza m'bokosi la zida, ndipo pobwerera anatenganso zofunkha: dirilo yamagetsi, ndi sipanala yaikulu ija yolira kuti kha bawuti akamangika mokwanira, imene popanda iyo hedi simangidwa. Sipanalayo anaitsekera m'kabati ya mbale ngati chikole. Dirilo anaimangirira chomenyera mazira, ndipo inamenya mwaukali woti theka la mazirawo linakamata kudenga, koma Namondwe ananena kuti denga nalo linkafunika penti.

Chikhathochakuda anabwezera. Sefa ya ufa inakhala yotsukira mabawuti. Chikho choyezera mkaka chinayeza oyilo. Thileyi yophikira inagonekedwa pansi pa Nkhalamba kuti izilandira madontho. Mpeni unawoloka malire kangapo, nthawi ina uli m'thumba la ovolosi, nthawi ina m'thumba la epuloni, koma ntchito sinkayenda mbali iliyonse, pakuti kupala ndi kupaka zonse zimafuna maso awiri ndi mtima umodzi, ndipo munthu wolondera chitseko ndi windo alibe zimenezo. Wogwira mpeni ankangokhala ataufumbata, akuyang'ana uku ndi uku ngati nkhuku yachilendo. Hedi inakhala yopalidwa theka. Makeke anatuluka mu uvuni n'kukhala patebulo ali maliseche.

Kenako chakudya chinasiya kuwoloka malire, ndipo gulu lankhondo la m'galaja linagawanika. Mbaliwali anali msilikali wokhulupirika kuyambira pakhosi kupita kumwamba, koma kuyambira pakhosi kupita pansi anali wa alamu ake. Anapita pawindo la khitchini chipewa chili m'manja.

"Alamu, ine nkhondoyi sindikuidziwa. Ine ndinati tchizulo."

"Mpeni uli kuti?"

"Sindingapereke m'bale wanga wa bere limodzi," anatero Mbaliwali maso ali pa poto. "Koma ndikanakhala inu, sindikanayang'ana m'kati mwa tayala lakale lili pafupi ndi kompuresa. Musayang'anemo ndithu."

Tsiku limenelo anadya mpaka kumasula lamba.

Mbiri ya nkhondoyi inakafika kwa Singano, Mdulansalu, iye amene mapini ankakhala m'milomo yake ngati mano achiwiri. Anafika Lachitatu tepi ili m'khosi. Anaona makeke osavala, anaona injini itayasamula. Anatembenuka, napita kusitolo, nabwera ndi mpeni wina wopakira kirimu, watsopano, wonyezimira, udakali m'pepala lake. Anaitana mafumu onse awiri n'kuugoneka pamalire.

"Nawu wina. Mmodzi atenge uwu, nkhani ithe."

Chikhathochakuda anayesa kuupinda, koma unakana. "Alamu, uwu ndi wouma ngati mtima wa mng'ono wanu. Apatseni iwowo. Keke simva kuwawa."

Namondwe sanaukhudze n'komwe. "Achemwali, mwana wanu atabedwa, wina n'kukubweretserani mwana watsopano wa m'sitolo, mungalandire? Apatseni iwowo. Injini ilibe lilime."

Mpeni watsopano unakhala pamenepo wosafunidwa ndi aliyense, mpaka Mbaliwali anautola kuti azikatakasira penti. Pamenepo Singano anachotsa mapini m'kamwa, imodziimodzi, kuwabaya pa kolala, ndipo onse odziwa mbiri yake anabwerera m'mbuyo.

"Tamverani, ana awiri aimvi inu. Ndasoka diresi la mkwatibwi mpaka maso kuchita chidima. Ndaitana abale amene sitinalankhulane chiikire maliro a malume. Banja la mkwati ndi la anthu oyang'ana m'makona. Loweruka keke ikapanda kuima patebulo la ukwati, sindidzakuwa, sindidzalira. Ndidzangomanga katundu wanga, makina osokera ndi amphaka anga omwe, kudzakhala m'nyumba muno mpaka imfa, ndipo m'mawa uliwonse ndizidzakusimbirani nkhaniyi kuyambira pachiyambi."

Ngwazi zonse ziwiri zinagonja, ndipo pangano linapangidwa pomwepo: m'mawa mpeni uzikhala wa kukhitchini, masana wa kugalaja, ndipo aliyense aziupereka pakhomo lapakati utatsukidwa. Akaidi anasinthanitsidwa. Sipanala inatuluka m'kabati ikununkhira sinamoni, sefa inabwerera kwawo yakuda ngati yochokera kumaliro, ndipo dirilo inafika ili ndi dzira m'makutu.

Masana amenewo Chikhathochakuda anamaliza kupala hedi, ndipo pobweza mpeni anautsuka monga amatsukira amakaniko onse chilengedwere dziko: ndi chiguduli choviika m'petulo. Namondwe anautsukuluza, koma fungo linali litalowa kale m'chigwiriro chamtengo, ndipo keke yoyamba imene anaipaka m'mawa mwake inanunkha ngati pomwetsera galimoto. Anaiweruza kuti ife. Mbaliwali anadzipereka kupereka chilangocho, naidya yonse, ndipo mkulu wake anamuletsa kuyatsa moto wowotcherera mpaka dzuwa litalowa, kuopa kuti angageye pafupi ndi lawi.

Namondwe anaphika ina. Mpeni anauwiritsa m'poto ngati nyemba, naupaka ndimu, navalika nawo nsanjika zonse kupatula yapamwamba. Nthawi yoperekera itakwana, anaumiza m'mbale ya kirimu wa shuga mpaka pachigwiriro, nayenda nawo ukudontha kuchokera patebulo kukafika pakhomo lapakati.

"Inu munatsuka mwa chimakaniko," anatero. "Ine ndatsuka mwa chikeke."

Chikhathochakuda anaulandira ndi zala ziwiri. Mpopi unali pafupi, sopo analipo, koma mkazi wake anali ataima pakhomo manja ali m'chiuno, kudikira kuti aone.

"Chibadwire changa," anatero iye, "sindinatsukepo ziwiya za mdani."

Anayenda nawo ukudonthabe mpaka pa Nkhalamba, anaupukutira m'mphepete mwa buloko, n'kuyamba kupala. Makaniko wa m'kati mwake ankalira, pakuti ankaona shuga akusakanikirana ndi mwaye n'kutsetserekera m'mabowo a mabawuti ndi m'njira za madzi, koma ngwazi ya kunja inamutontholetsa, niti titsuka mawa mdani asakuona. Atamaliza anafunditsa injini nsalu, napita kukasamba m'manja.

Palibe amene anawauza mafumu awiriwa kuti pansi pa simenti ya galajayo pankakhala ufumu wachitatu, wakale kuposa onse, wa mtundu wosalankhula, wosadwala, wosadziwa Lamlungu. Azondi a nyerere anali atalawa dontho loyamba lisanaume.

Lachisanu m'mawa, tsiku lomaliza, Chikhathochakuda anavundukula nsalu ija, ndipo anapeza buloko itada bii, ikuyenda. Magulu ankhondo ankakwera pa tayala, kudutsa pa waya wa batire, kutsikira m'mabowo a mabawuti, ena akulowa opanda kanthu, ena akutuluka atasenza. Akadali chiimire, anaona mzere wina ukuchoka pagulu lalikulu, ukulondola madontho a pansi aja limodzilimodzi, n'kukalowa kunsi kwa chitseko chapakati. Anatsegula. Otsogolera mzerewo anali atafika pa mwendo wa tebulo, ndipo pamwamba pa tebulolo panaima nsanjika zoyera mbee, ntchito ya sabata yonse, imene panalibenso ufa, mazira kapena nthawi yoibwerezera. Namondwe anali kuseri kwa nyumba akuyanika zovala.

Ngwaziyo inaima pamalire, kumbuyo kuli injini yake, kutsogolo kuli keke ya mdani. Olemba mbiri amati inaima nthawi yongokwanira kumeza malovu. Kenako inathamangira m'galaja, nidutsa Nkhalamba osaiyang'ana, nibwera ndi jeke ndi zitini zinayi za oyilo wakutha. Chikhathochakuda anagona chagada pansi pa tebulo, naimika jeke, nayamba kukweza, pang'onopang'ono kuposa mmene anakwezerapo galimoto ya munthu aliyense, akupuma mosamala ngati wonyamula khanda logona. Mwendo uliwonse ukanyamuka ankaulowetsa m'chitini. Nyerere zimene zinali zitakwera kale anazitsitsa ndi chala chachikulu. Zobwera pambuyo zinafika pagombe la nyanja yakuda, zinazungulira, zinafunsana, n'kuzunguliranso.

Namondwe analowa beseni lili m'chiuno, ndipo anapeza mapazi a mdani akutuluka pansi pa tebulo lake, jeke ali pambali, khitchini yonse ikununkha oyilo. Anatsegula pakamwa kuti alankhule mawu amene akanathetsa banja. Kenako anaona mzere wakuda ukuzungulira zitini. Anaona keke yake itaima yosakhudzidwa, yosapendekera ngakhale pang'ono. Anatseka pakamwa. Anasuzumira pakhomo lotsegula mpaka maso ake anafika pa Nkhalamba.

"Zalowa ndi mu injini momwe?"

"Zalowamo," anatero mawu ochokera pansi pa tebulo. "Ndi shuga wanu."

"Ndi dzanja lanu."

Jeke anatsika pang'ono, mwendo womaliza n'kukhazikika m'chitini.

"Ndi dzanja langa," anatero mawu aja.

"Ndi shuga wanga," anatero Namondwe, ndipo anaika beseni pansi n'kutereka ketulo.

Nkhondo imene inatsatira ndi yokhayo m'sabata yonseyo imene inali ndi mdani weniweni. Namondwe anatulutsa nsalu zake zopukutira mbale, zija za alendo zimene ngakhale ana ake sanazigwirepo, ndipo mwamuna wake anatseka nazo mabowo aakulu a mapisitoni kuti madzi asalowemo. Mkazi ankathira madzi otentha m'njira za madzi ndi dzanja lomwe lija lolembera mayina pa makeke, osataya ngakhale dontho pambali, mwamuna akutsatira pambuyo ndi mpweya wa kompuresa, nyerere zikuuluka ngati mankhusu. M'mabowo a mabawuti analowetsamo timitengo toyesera kupsa kwa keke titakulungidwa thonje, ndipo bowo lililonse analitsuka mpaka thonje kutuluka loyera.

Mbaliwali anafika atavala magalasi akuda, moto wowotcherera uli m'manja. "Tandipatsani mpata, ndiziwotche zonse kamodzi."

"Iwe, khala pansi," anatero mwamuna ndi mkazi ndi mawu amodzi, ndipo anayang'anana modabwa, pakuti aka kanali koyamba kugwirizana chiyambire sabatayo. Singano, amene anabwera kudzaona ngati ayambe kumanga katundu, anapatsidwa tsache, nathamangitsa magulu othawa mpaka kunja kwa geti, akuwalalatira za makhalidwe a makolo awo.

Dzuwa litafika pamutu, Namondwe anatsuka mpeni ndi madzi otentha, naupukuta, naupereka osapemphedwa. Chikhathochakuda anaudutsitsa komaliza pa buloko, napukuta ndi nsalu youma, nagoneka lula yachitsulo pamwamba pake, ndipo atawerama kusuzumira, kuwala sikunadutse pansi pa lulayo. Gasiketi yatsopano inagona pamalo pake. Hedi inatsika. Sipanala yonunkhira sinamoni inalira kuti kha, kha, bawuti ndi bawuti, kuyambira pakati kupita kunja. Kenako Mgwetsainjini, anthu onse akuona, anapita pampopi, natsuka mpeniwo ndi sopo, natsukanso, natsukanso, naupereka chigwiriro chili kutsogolo. Namondwe anaununkhiza kuyambira kunsonga mpaka kumatako ngati wapolisi wa pachipata, ndipo anagwedeza mutu. Dzuwa lisanalowe nsanjika yapamwamba inavala, ndipo Nkhalamba inatsokomola, inaganiza kaye, n'kulira.

Loweruka anayenda ulendo wa ku ukwati pa liwiro loti bambo wina woyenda pansi anawapitirira, nakagula nyuzipepala, nawapitiriranso, akuwapatsa moni nthawi zonse. Namondwe anali kumbuyo atakumbatira thabwa. Keke inaima patebulo lija mpaka m'chifuwa mwa mkwati, ndipo a banja la mkwati anaizungulira akufunafuna poinenera, osapapeza.

Mwambo wa mtendere unachitika Lamlungu masana, pakhomo lapakati, Singano ali wapampando. Chigamulo chake chinali chakuti mpeniwo usakhalenso wa ufumu umodzi, koma umangidwe pa tcheni pa felemu ya chitseko, kuti uzifika kukhitchini ndi kugalaja mofanana, ndipo usadzabisidwenso m'tayala kapena m'epuloni. Iye mwini anayeza tchenicho ndi tepi, Mbaliwali nadula, nawotcherera mbali ina pa felemu, ina pa kamphete ka pachigwiriro. Kompuresa anaiphulitsa mpweya katatu m'malo mwa mfuti zaulemu. Nkhalamba inaliza hutala.

Namondwe ndiye anayamba kuyesa. Anakoka mpeni kulunjika patebulo lake, ndipo tcheni chinathera panjira, kutatsala chikhatho chimodzi. Chikhathochakuda anaukoka kulunjika pa benchi yake, ndipo chinatheranso panjira, kutatsala chikhatho chimodzi. Onse anatembenukira kwa Singano. Singano anatembenukira kwa Mbaliwali. Mbaliwali anayang'ana kudenga, kumene kunali mazira.

"Chilungamo ndi chimenechi," anatero Singano. "Nonse mwaluza mofanana."

Popeza panalibe wofuna kutsutsa pangano limene linali lisanazizire, anagubuduza mgolo wa oyilo n'kuuimika pakhomo penipeni, nauyala nsalu, naikapo keke ya mtendere, yopangidwa ndi zidutswa zotsala za keke ya ukwati zomatidwa pamodzi ngati khoma la njerwa zosweka. Namondwe anaipaka kirimu tcheni chikulira ngwerengwere. Anakhala mozungulira mgolowo, mwendo wina kugalaja wina kukhitchini, ndipo anadya ndi manja.

Pomaliza Chikhathochakuda anaimirira kuti alankhule mawu otsekera, ndevu zake zitayera ndi kirimu.

"Taimani kaye, abambo," anatero Namondwe. "Simungalankhule pagulu muli chonchi."

Anasolola chiguduli m'thumba la ovolosi ya mwamuna wake, namupukuta pakamwa mofatsa, kuchokera tsaya ili kukafika tsaya linalo. Chigudulicho chinali cha gilizi. Singano anaona. Mbaliwali anaona. Namondwe naye anaona bwino lomwe, napinda chigudulicho mosamala n'kuchibwezera m'thumba. Ndipo ngwaziyo inalankhula nthawi yaitali za ulemu wa mwamuna m'nyumba mwake, ili ndi mzere wakuda kuchokera khutu kufika khutu, mkazi wake akuvomera ndi mutu pa mfundo iliyonse.